Mmene mungakonzekerere kuimanso pampando wa bungwe la ogwira ntchito

Munthu amene akupikisana koyamba pampando wa bungwe la ogwira ntchito amayenda ndi pakamwa pokha, ndipo anthu amamukhulupirira chifukwa sanamuonepo akulephera. Amene akufuna kubwereranso pampando womwe wakhalapo kale zaka zingapo alibe mwayi umenewo, pakuti mamembala amabwera kuchisankho akukumbukira dandaulo lililonse limene linagona patebulo pake, foni iliyonse imene sanayankhe ndiponso ndalama iliyonse imene inadulidwa pamalipiro awo. Ine ndinatsogolerapo nthambi ya bungwe lathu kuno ku Dedza, ndinapemphanso mavoti kachiwiri, ndipo ndinapambana movutikira kwambiri kuposa ulendo woyamba, chonsecho ndinkadziona ngati ndagwira ntchito yotamandika. Malangizo awa ndawasanja mmene ndikanafunira kuti wina andisanjire kutatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti chisankhocho chichitike, ndipo akukhudza wapampando, mlembi kapena msungichuma, kaya wa nthambi ya paboma kaya wa kulikulu.

Yambani ndi buku la malamulo a bungwe

Musanauze munthu aliyense kuti muimanso, ngakhale mnzanu wapamtima wa m'komiti, tengani buku la malamulo a bungwe lanu ndipo muliwerenge lonse modekha ngati mukuliona koyamba. Ambirife timaliwerenga kamodzi kokha titangosankhidwa, kenako timayendera chizolowezi, ndipo ndime zokhudza chisankho timazikumbukira mwa apo ndi apo. Lamulo la dziko lino loona za ubale wa olemba ntchito ndi ogwira ntchito, la chaka cha 1996, limafuna kuti bungwe lililonse lolembetsedwa kuboma likhale ndi malamulo akeake olembedwa, choncho mkangano wa chisankho ukabuka, oweruza amayamba atsegula buku limenelo asanamve za mbiri yanu yabwino.

Pamene mukuwerenga, lembani papepala mayankho a mafunso awa: kodi munthu amaloledwa kukhala pampando kangati, kodi amene wasamutsidwira boma lina, wakwezedwa n'kukhala bwana woyang'anira anzake, kapena watsala pang'ono kupuma pantchito angathe kuima, kodi dzina la wopikisana limaperekedwa ndi anthu angati ndipo pofika tsiku liti, kodi amavota ndi mamembala onse kapena nthumwi zokha, kodi chidziwitso cha msonkhano waukulu chimayenera kutuluka kutatsala masiku angati, ndiponso kodi pamafunika anthu angati kuti msonkhano ukhale wovomerezeka. Onaninso ngati zopereka zanu za mwezi ndi mwezi zakhala zikudulidwa mosadumphitsa, chifukwa zimachitika kuti a ku ofesi ya malipiro asiya kudula kwa miyezi ingapo mwini wake osadziwa, ndipo ndi zamanyazi kuti wapampando abwezedwe pakhomo chifukwa ali ndi ngongole kubungwe lomwe akulitsogolera.

Mukapeza kuti malamulo sakukulolani kuimanso, nkhani yathera pomwepo, ndipo musayese kuwasintha kuti akukomereni. Amalawi sanaiwale za chaka cha 2002, pamene bilu yofuna kuchotsa malire a maulendo amene munthu angakhale pulezidenti wa dziko inagwa m'Nyumba ya Malamulo, ndipo mamembala anu adzakufananizani ndi zimenezo ngakhale mutakhala ndi zolinga zabwino chotani.

Dziweruzeni nokha ena asanakuweruzeni

Chachiwiri, funafunani pepala la malonjezo amene munapereka pachisankho chapitacho, ndipo ngati linasowa, funsani mlembi akupatseni zolembedwa za msonkhano umenewo. Musakayike kuti wopikisana nanu ali nalo kale. Gawani malonjezowo m'magulu atatu, omwe munakwaniritsa, omwe munangowayamba ndi omwe analephereka, ndipo pa lililonse lolephereka mulembe chifukwa chake chenicheni, ngakhale chifukwacho chikhale chakuti munalonjeza chinthu chimene nthambi ilibe mphamvu yochichita.

Kenako sonkhanitsani madandaulo onse a mamembala amene anadutsa m'manja mwanu. Mtsogoleri wosamala amakhala ndi kope limene amalembamo tsiku lomwe dandaulo linabwera, nkhani yake, amene anakaonana naye ndi mmene linathera, ndipo ngati simunasunge kope lotero, khalani pansi ndi mlembi kwa masiku awiri kapena atatu kuti mulilembe kuchokera m'makalata ndi m'mauthenga a pafoni. Mudzapezamo nkhani za malipiro otsalira, za munthu amene anachotsedwa ntchito osapatsidwa mpata wodziteteza, za ndalama za penshoni zimene zimadulidwa koma osafika kumene zimasungidwa, za kusamutsidwa mwadzidzidzi ndi za alawansi zimene zinachedwa chaka chathunthu. Werengani kuti onse pamodzi anali angati, angati anatha bwino, angati akadali ku ofesi ya zantchito ya paboma ndiponso angati anafika kukhoti loona milandu ya zantchito ku Lilongwe. Manambala amenewa ndiwo kampeni yanu, ndipo amamveka bwino kuposa mawu akuti "ndinamenya nkhondo usiku ndi usana". Koma musatchule dzina la membala pagulu iye asanakuloleni, chifukwa ena nkhani zawo zinali za mwambo pantchito ndipo safuna kuti zidziwike.

Pofotokoza za malipiro muyenera kusamala kwambiri. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene amalandira malipiro a pamwezi anaona ndalama yake ikusungunuka m'manja. Mukaimirira n'kunena monyadira kuti munathandiza kuti malipiro akwere ndi maperesenti akutiakuti, membala amawerengera mumtima mtengo wa thumba la chimanga, la feteleza, lendi ya nyumba ndi fizi ya mwana, n'kuona kuti akusauka kuposa kale. Nenani nokha zimenezi iye asanazinene. Muuzeni kuti chimene munapeza chinali chochepa poyerekeza ndi kukwera mitengo kwa zinthu, mufotokoze zimene munapempha, zimene olemba ntchito anayankha ndi chifukwa chimene munavomera pamene munavomerapo. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo ndaona kuti mamembala amakhululukira msanga mtsogoleri amene wavomera kulephera kwake kusiyana ndi amene akuwauza kuti zinthu zili bwino pamene kunyumba kwawo ufa watha.

Konzani mabuku a ndalama mayina asanayambe kuperekedwa

Apa ndi pamene atsogoleri ambiri amagwera, ndipo ambiri mwa iwo si akuba, koma ndi anthu osasamala mapepala. Lamulo lija la 1996 limafuna kuti chaka chilichonse bungwe lipereke kwa mkulu wolembetsa mabungwe a ogwira ntchito lipoti la ndalama lofufuzidwa ndi akatswiri owerengera chuma, mayina a atsogoleri ake ndi chiwerengero cha mamembala, ndipo bungwe lonyozera zimenezi likhoza kuimitsidwa kapena kufafanizidwa m'kaundula. Ngati muli kulikulu, tsimikizani kuti malipoti a zaka zonse zimene mwakhala pampando anapita. Ngati muli kunthambi, tsimikizani kuti ndalama iliyonse imene likulu linakutumizirani ili ndi pepala losonyeza mmene inagwirira ntchito.

Ine ndinatsala pang'ono kugwa chifukwa cha maulendo atatu a ku Lilongwe. Ndinkatsatira mlandu wa membala wina, ndipo ulendo uliwonse msungichuma ankandipatsa ndalama yoyendera pamanja, ine n'kukwera minibasi pa Dedza m'mawa n'kubwerera madzulo. M'minibasi sapereka lisiti, ndipo wakabaza amene amakutengani kuchokera kudepoti saperekanso lisiti, choncho m'buku munangolembedwa kuti "ulendo wa wapampando" katatu, popanda tsiku la mlandu kapena siginecha yanga. Pamsonkhano wokonzekera chisankho, bambo wina wachikulire anakweza mkono n'kufunsa mofatsa kuti, "A wapampando, maulendo atatuwa munkapita kukaona ndani?" Ndinali ndi yankho loona, koma ndinalibe pepala, ndipo kwa milungu iwiri nkhani imene inkayenda pa WhatsApp inali yoti ndalama za bungwe ndinkayendera zanga. Chinandipulumutsa ndi makalata oitanira kukhoti amene mwini mlandu anasunga, omwe masiku ake anagwirizana ndi masiku amene ndalama inatuluka.

Choncho khalani pansi ndi msungichuma, mutenge sitetimenti ya kubanki ya nthawi yonse imene mwakhala paudindo, komanso ya Airtel Money kapena Mpamba ngati bungwe limalandira kapena kutumiza ndalama pafoni, ndipo muyerekeze mzere uliwonse ndi zimene zili m'buku. Pamene palibe lisiti, pezani umboni wina monga kalata yoitanira kumsonkhano kapena mndandanda wa anthu amene anasaina kuti analandira. Pamene palibe umboni uliwonse, uzani komiti poyera, ndipo ngati ndalamayo inali m'manja mwanu, ibwezeni ndipo kubwezako kulembedwe. Mukatha zimenezi pemphani kuti mabuku afufuzidwe ndi munthu amene sali m'komiti, kenako mulembe chidule cha tsamba limodzi, m'Chichewa chosavuta, chosonyeza ndalama zimene zinalowa, zimene zinatuluka ndi zimene zatsala. Chidulecho chifike kwa mamembala mayina a opikisana asanayambe kuperekedwa, chifukwa chikatuluka mkati mwa kampeni anthu amati mwachiphika dala kuti mudziyeretse.

Dziwani amene amavota, ndipo muwapeze kumene ali

Tengani mndandanda wa mamembala olipira, muugawe malinga ndi malo awo a ntchito, ndipo ngati amavota ndi nthumwi, dziwani kuti dera lililonse limatumiza anthu angati ndiponso amasankhidwa liti. Atsogoleri ambiri amatanganidwa ndi tsiku la msonkhano waukulu n'kuiwala kuti chisankho chimayamba kupsa pa timisonkhano ta m'madera timene timasankha nthumwizo. Pa dzina lililonse lembani moona mtima ngati munthuyo ali kumbali yanu, sali kumbali yanu kapena sanaganize, ndipo pa amene akuti ali kumbali yanu muchotsepo ena, pakuti mwaulemu wathu munthu sakuuzani pamaso kuti sadzakuvoterani. Amangoti, "Musadandaule, bambo, tili limodzi," ndipo mawu omwewo amauzanso mnzanu mawa lake.

Boma la Dedza ndi lovuta kuliyenda, ndipo wapampando amene amakhala paboma amazolowera kuonana ndi anthu a m'mbali mwa msewu wa M1, a ku Bembeke, ku Chimbiya ndi ku Linthipe, n'kumaganiza kuti waonana ndi nthambi yonse. A ku Lobi ndi a ku Mayani amamuona mwa kamodzikamodzi, ndipo a kumunsi kwa mapiri, ku Golomoti ndi ku Mtakataka, mwina samuona n'komwe. Anzathu a ku Ntcheu ali ndi vuto lomwelo pakati pa a paboma ndi a ku Tsangano kapena a kuchigwa cha Bwanje, ku Kasinje ndi ku Sharpevale. Yambani maulendo anu ndi malo akutali amenewa, ndipo muwerengere nyengo, chifukwa kuyambira Disembala mpaka Malichi misewu yafumbi imavuta ndipo wa njinga yamoto amakweza mtengo. Pewani tsiku la msika ndi masiku olandira malipiro, pamene aliyense ali pamzere kubanki kapena akuthamangira kulipira ngongole, ndipo misonkhano yanu muzichita nthawi yopuma kapena anthu akaweruka kuti olemba ntchito asapeze chonamizira.

Ndinaphunzira zimenezi ku Golomoti. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango chifukwa m'chipinda munali kutentha, ine nditavalabe jekete limene ndinanyamuka nalo ku Dedza kukuzizira, ndipo nditatha kulankhula, mayi wina amene anali atagwira ntchito zaka zambiri anatulutsa m'chikwama kapepala ka malipiro kopindapinda, n'kuloza ndi chala pamzere wa zopereka za bungwe. Anati, "Bambo wapampando, takulandirani ndi manja awiri. Kapepala aka kamandikumbutsa mwezi uliwonse kuti bungwe lilipo, chifukwa sikaiwala kudula. Nanga inu tinakuonani liti kuno? Kapena msewu wa Khwekhwerere umatsetsereka nthawi ya chisankho yokha?" Anthu anaseka, ine thukuta lili kamukamu. Ndinayankha kuti, "Mayi, mwanena zoona, ndinalakwa," ndipo ndinatulutsa kope n'kuyamba kulemba madandaulo awo mmodzimmodzi mpaka dzuwa linapendeka. Pa ulendo wotere lankhulani mphindi khumi zokha, nthawi yotsalayo mumvetsere, ndipo dandaulo limene lingatheke msanga mulitsatire mlungu womwewo n'kuimbira foni mwini wake kumuuza pamene lafika, ngakhale yankho likhale losakondweretsa.

Musaiwale amayi ndi achinyamata amene angoyamba kumene ntchito. Iwowa nthawi zambiri salankhula pamsonkhano wa anthu ambiri pamene pali akuluakulu, choncho pemphani mayi wina wa m'komiti kuti akumane nawo paokha ndipo adzakuuzeni zimene anena popanda kutchula mayina.

Sankhani mfundo zochepa zimene mungazikwanitse

Mukabwerako kumaulendo, m'kope mwanu mudzakhala mutadzaza, koma musasandutse zonsezo malonjezo. Sankhani mfundo zitatu kapena zinayi zimene zatchulidwa m'madera ambiri ndipo zili m'mphamvu ya udindo umene mukuufuna, ndipo pa iliyonse munene chimene mudzachite, mwezi umene mudzachite ndi mmene mamembala adzadziwire kuti chachitika. Wapampando wa nthambi sangalonjeze kukweza malipiro a dziko lonse, koma angalonjeze kuti komiti idzakumana ndi mamembala a dera lililonse kawiri pachaka, kuti chidule cha ndalama chidzatuluka miyezi itatu iliyonse, ndiponso kuti dandaulo lililonse lidzayankhidwa pasanathe milungu iwiri.

Mfundo zanu zitsamire pa malamulo a dziko, ndipo muwadziwe bwino chifukwa mafunso adzabwera. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wokhazikitsa kapena kulowa bungwe la ogwira ntchito. Lamulo la zolemba ntchito la chaka cha 2000 limanena kuti munthu asagwire maola opitirira 48 pamlungu pa nthawi yokhazikika, kuti mayi woyembekezera apatsidwe tchuthi cha milungu isanu ndi itatu akulandira malipiro onse kamodzi pa zaka zitatu, ndiponso kuti wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo akadandaule ku ofesi ya zantchito ya paboma pasanathe miyezi itatu. Pa penshoni, wolemba ntchito amayenera kuikapo 10 peresenti ya malipiro ndipo wogwira ntchito 5 peresenti. Kumbukiraninso kuti pakampani, wolemba ntchito amakakamizidwa kukambirana ndi bungwe za malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito pamene mamembala akwana 20 peresenti ya ogwira ntchito, choncho lonjezo lokopa mamembala atsopano lili ndi phindu lenileni, ndipo ngati chiwerengero chinatsika m'nthawi yanu, konzekerani kufotokoza chifukwa chake.

Nkhani ya sitalaka ndi imene wopikisana nanu adzaigwiritsa ntchito kwambiri, chifukwa munthu amene sanakhalepo patebulo la zokambirana savutika kunena kuti iye akanatseka zipata kalekale. Ogwira ntchito m'dziko lino amadziwa mphamvu ya kunyanyala ntchito kuyambira Meyi 1992, pamene sitalaka imene inayambira kufakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre inafalikira m'makampani ena, ndipo simuyenera kuinyoza. Koma fotokozani kuti lamulo limafuna kuti mkangano uyambe waperekedwa ku unduna wa zantchito kuti ayese kuyanjanitsa mbali ziwirizo, kuti chidziwitso cha masiku asanu ndi awiri chiperekedwe sitalaka isanayambe, ndiponso kuti kuyambira pamene lamuloli linasinthidwa m'chaka cha 2021, wolemba ntchito ali ndi mphamvu yodula malipiro a masiku a sitalaka opitirira atatu pachaka. Ndipo musayerekeze kuyambitsa sitalaka chisankho chitayandikira pofuna kuoneka wolimba mtima, pakuti amene adzadulidwe malipiro ndi anthu omwewo amene mukuwapempha mavoti.

Siyanitsani udindo ndi kampeni

Kuyambira tsiku limene mwalengeza kuti muimanso, ndalama ya bungwe, mayunitsi a bungwe, mapepala okhala ndi chidindo cha bungwe ndi galimoto kapena njinga ya bungwe zisagwire ntchito ya kampeni yanu. Ngati ulendo ndi wa bungwe, pitani ndi anthu ena a m'komiti, kuphatikizapo amene akupikisana nanu ngati ali m'komitimo, ndipo musapemphe mavoti pamsonkhano umenewo. Ngati ndi wa kampeni, lipirani kuchokera m'thumba mwanu. Gulu la WhatsApp la mamembala si lanu ngakhale mutakhala kuti munalitsegula ndinu, choncho musachotsemo munthu chifukwa wakudzudzulani, ndipo lolani mnzanuyo kuikamo uthenga wake mmene inu mukuikira wanu. Mndandanda wa ovota umene inu muli nawo, iyenso apatsidwe tsiku lomwelo.

Pezani anthu anayi kapena asanu okuthandizani, ochokera m'madera osiyanasiyana, ndipo pakati pawo pakhale mmodzi amene saopa kukuuzani zowawa. Muwauze kuti asanyoze wopikisana nanu, asakambe za banja lake, mtundu wake kapena mpingo wake, chifukwa chisankho chikatha mudzafunika kukhala naye mbali imodzi ya tebulo moyang'anizana ndi olemba ntchito.

Za ndalama zogawira nthumwi ndinena mosabisa kuti chizolowezi chimenechi chalowa m'mabungwe ambiri kuchokera ku ndale, ndipo mudzamva mawu akuti "mutiganizireko ya thiransipoti" kapena "ya fanta". Ndalama yoyendera ya nthumwi iyenera kuchokera kubungwe, mofanana kwa aliyense, ndipo aliyense asaine. Mukayamba kupereka yanu mwamseri, anthu adzafunsa kumene mwaitenga, ndipo yankho limene amapeza okha ndi lakuti mwaitapa m'thumba la bungwe kapena mwapatsidwa ndi mabwana. Chimodzimodzinso thandizo lochokera kwa olemba ntchito kapena kwa andale: bwana akakupatsani galimoto yoyendera pa kampeni, kapena phungu akakulipirirani holo, mamembala adzati mwagulidwa, ndipo sadzakhala akulakwitsa kwenikweni, chifukwa tsiku lina mwini galimotoyo adzakukumbutsani. Mapanga awiri avumbwitsa. Mamembala anu ali m'zipani zosiyanasiyana, ndipo nsalu ya chipani musaoneke nayo pa nthawi imeneyi.

Perekani mapepala nthawi ikadalipo

Lembani fomu yopikisana mosamala, onetsetsani kuti amene akukuperekani ndi amene akuvomereza ndi mamembala olipira, ndipo ngati n'kotheka akhale ochokera m'madera osiyana. Iperekeni kutatsala masiku angapo, mutenge umboni wosainidwa woti yalandiridwa, ndipo musunge fotokope yake.

Tsiku la chisankho

Ngati ndinu wapampando, mudzatsegula msonkhano ndi kupereka lipoti, koma ikafika nthawi ya chisankho tsikani pampando n'kukakhala pakati pa anthu. Chisankho chiyendetsedwe ndi munthu amene sakupikisana nawo ndipo mbali zonse zamuvomereza, kaya wochokera kulikulu la bungwe, ku Malawi Congress of Trade Unions, bungwe lalikulu limene limasonkhanitsa mabungwe a ogwira ntchito m'dziko lino, kapena ku ofesi ya zantchito, malinga ndi zimene malamulo anu akunena. Pemphani kuti mndandanda wa ovota uwerengedwe mokweza, bokosi lionetsedwe kuti mulibe kanthu, voti ikhale yachinsinsi, ndipo wopikisana aliyense akhale ndi munthu wake woonerera. Kuvota kokweza manja kapena koima kumbuyo kwa munthu kumaoneka kofulumira, koma kumasiya zidani zimene zimatenga zaka, ndipo kumakomera amene ali kale pampando, choncho mukakukana inu mwini, anthu amaona kuti simukuopa.

Mukapatsidwa mphindi zolankhula, musazithere pa malonje ndi kuthokoza. Nenani chiwerengero cha madandaulo amene munalandira ndi amene anatha, tchulani chinthu chimodzi chimene munalephera ndi chimene mwaphunzirapo, nenani mfundo zanu zija, kenako pemphani voti mwaulemu n'kukhala pansi nthawi isanathe. Wina akakufunsani mwaukali, muyankheni ngati mukuyankha holo yonse, pakuti amene akuyeza mtima wanu ndi anthu amene akhala chete. Mavoti awerengedwe pomwepo anthu akuona, chiwerengero chake chifanane ndi cha anthu amene anavota, ndipo oonerera onse asaine pepala la zotsatira asanatuluke.

Zotsatira zikatuluka

Mukapambana, yang'anani bwino chiwerengero cha amene sanakuvotereni ndipo mufufuze madera amene achokera, chifukwa kumeneko ndi kumene ulendo wanu woyamba uyenera kulowera. Imbirani foni amene munapikisana naye pasanathe masiku awiri, mutengeko mfundo yake imodzi yabwino n'kunena poyera kuti ndi yake. Mlembi alembe kalata yodziwitsa likulu ndi olemba ntchito mayina a komiti yatsopano, kubanki mukasinthe osainira ngati asintha, ndipo ngati ndi chisankho cha kulikulu, mayinawo apitenso kwa mkulu wolembetsa mabungwe.

Mukagonja, imirirani pomwepo n'kugwira chanza amene wapambana. Ngati mukukhulupirira kuti panali chinyengo, lembani dandaulo lanu motsatira njira ndi masiku amene malamulo a bungwe akunena, ndipo musakalitulutsire pa Facebook kapena kuyamba kukopa anthu kuti mukhazikitse bungwe lina, pakuti mabungwe awiri ang'onoang'ono pamalo amodzi amangopeputsira olemba ntchito katundu. Pasanathe milungu iwiri perekani chidindo, makiyi, mabuku a ndalama, mabuku a macheke, kope la madandaulo ndi ulamuliro wa gulu la WhatsApp, zonse zitalembedwa pamndandanda umene inu ndi wolowa m'malo mwanu musaine pamaso pa mboni. Mafailo a milandu imene ikadali kukhoti muwapatule padera, pachikuto cha iliyonse mulembe tsiku limene mlandu udzamvedwe ndi zimene zikusowekabe, ndipo pa tsiku loyamba la mlandu mukwere naye limodzi minibasi ya ku Lilongwe kuti mukamuonetse khomo lolowera ndi kumudziwitsa kwa mwini mlandu.